Mapilisi Amene Amai Jusitina Anaponya Pamoto

Tsiku limenelo dzuwa linatuluka litakwiya kale. Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene kwathu ku Mphuka mchenga umawotcha mapazi kudakali m'mawa, ndipo nyenje zinkalira m'mitengo ya masau mosapumira, moti ukazimva nthawi yaitali unkayesa kuti zikulira m'mutu mwako. Kumtsinje kunkamveka mvuu ikufwenthera ndi kugogoda kwa munthu wina amene ankakonza bwato lake, ndipo kamphepo kochepa kamene kanalipo kankabweretsa utsi wa nkhuni za mupani wosakanikirana ndi fungo la mafuta a ncheni, kuchokera kuseri kwa mpanda wathu kumene amai Jusitina ankawamba nsomba. Ine ndinali chigonere pamphasa pakhonde, atandifunditsa chitenje, milomo itatupa, m'maso muli ngati mwathiridwa mchenga. Zonsezi ndinkangozimva, pakuti kuwala sindinkatha kukuyang'ana.

Amai Jusitina sanali m'bale wathu. Anawoloka Zambezi m'zaka za nkhondo ya ku Mozambiki ali okha, ndi kamtolo ka zovala, poto mmodzi ndi kolona m'khosi. Atate anawalola kumanga pafupi ndi ife chifukwa akatekisiti a kutchalitchi kwathu anawapempha. Anali mayi wamtali, wowonda, wosaseka kawirikawiri, ndipo sankadziwa kucheza kwa pachitsime kumene amayi amakhala akufunsana za amuna awo. Ankatunga madzi n'kubwerera. Choncho anthu anayamba kudzifunsa mafunso. Chifukwa chiyani nsomba zawo sizigwa mphutsi pamene za ena zikuwola? Mwamuna wawo anamusiya kuti? Ndipo akamapemphera m'Chipwitikizi milomo ikungogwedera, ndani angatsimikize kuti akutchula Maria osati maina athu?

Ife ana tinkawaopa, koma tinkaba nsomba zawo. Tsiku lina anandigwira dzanja lili kale pathandala.

“Iwe Tobiasi, pakamwa pako pali chitseko?”

“Ayi.”

“Nanga bwanji supempha? Dzanja losapempha ndi la wakuba.”

Anandikoka khutu, kenaka ananyema mchira wa pende wotentha n'kundipatsa patsamba. Ndinadya nditaimirira pomwepo, mafuta akutsikira m'chigongono. Mwana wa azakhali anga anandiona, ndipo kunyumba anakanena.

Patangopita masiku ochepa ndinayamba chifuwa ndi kutentha thupi. Atate ananditengera panjinga ku kiliniki, ndipo bambo wa kumeneko, amene tonse tinkawatcha adokota, anandipatsa mapilisi oyera okhala ndi kamzere pakati. Anati ndizimwa m'mawa ndi madzulo, ndipo tikaona chachilendo tibwerere. Chifuwa chinayamba kuleka. Koma mapilisi atatsala pang'ono kutha, maso anga anafiira, m'kamwa munayamba kuwawa, ndipo pachifuwa panatuluka timadontho tofiira.

Amene anabwera kudzaona anali azakhali a Velonika, mlongo wawo wa atate, omwe ankakhala tsidya lina la njira. Anali atalera ana ambiri osataya ndi mmodzi yemwe, ndipo pa matenda a ana mawu awo sankatsutsidwa. Anandiyang'ana pachifuwa n'kuwomba m'manja.

“Ichi n'chikuku. Chinabisala m'kati, manje mapilisi achitulutsa. Mankhwala abwino amatero. Koma musayerekeze kumusiyitsa, chifukwa chikabwerera m'mimba sichisiya mwana.”

Umu ndi mmene tinkakhulupirira kwathu. Matenda ayenera kutuluka, ndipo zilonda zikachuluka pakhungu ndiye kuti m'kati mukuyera. Tinkatinso mwana wa chikuku sayenda panjira, ndipo akabayidwa jekiseni amafa. Ndiye ku kiliniki sanandibwezereko. Pilisi litatsala limodzi, atate analitenga m'thumba la malaya n'kupalasa njinga mpaka padoko ku Feira, kumene amalonda owoloka kuchokera ku Zumbo, tsidya la Mozambiki, ankayala sopo, zitenje ndi mankhwala pansi. Anaonetsa pilisilo, anawapatsa ena ofanana nalo atawamanga m'kapulasitiki, ndipo ndinapitiriza kumwa. Madontho aja anasanduka matuza.

Ndiye m'mawa umene ndayamba kunena uja, ndinamva mawu a amai Jusitina pampanda.

“Amake Tobi, mwana wanu sanandibere nsomba masiku ano. Wadwala kapena walapa?”

“N'chikuku, amai,” anayankha amai anga ndi mawu otopa.

Ndinamva mapazi akubwera, kenaka chitenje chinavundukulidwa. Manja awo anali okhakhala, onunkha mchere ndi utsi. Anandigwira chibwano pang'onopang'ono n'kunditsegula pakamwa, ndipo milomo inang'ambika, ndinamva magazi. Kenaka anafunsa amai anga.

“Mukumumwetsa chiyani?”

Amai anatulutsa kapulasitiki kaja padenga pamene ankakasomeka.

“Lekani. Lero lomwe lino, asamwenso ndi limodzi.”

Azakhali anali atafika kale pabwalo atanyamula phala langa, ndipo anamva.

“Ha! Manje tili ndi nesi watsopano. Sukulu yake munaphunzira pathandala la nsomba?”

“Chikuku ndachiona, a Velonika. Sichisenda mwana milomo chonchi. Roza wanga anayamba tere.”

Palibe amene ankadziwa kuti amai Jusitina anaberekapo. Ananena mwachidule, osalira, ngati munthu amene akufotokoza njira. Anati mtsikana wawo anamwa mapilisi oyera a chifuwa, khungu linayamba kutuluka matuza, iwo ndi apongozi awo anasangalala kuti matenda akutuluka n'kupitiriza kumupatsa. Khungu linasendeka ngati la mlamba umene wapsa pamoto. Anamuika m'manda madzi a mtsinje asanatsike.

Ndimakumbukira kuti amai anga anafuula pang'ono. Koma azakhali anaika mbale ya phala pansi mosafulumira, ndipo mawu awo anatsika.

“Ndiye kuti matendawa mumawadziwa. Ife kuno sitinawaonepo. Mwana wanu anafa nawo, inu mwabwera kuno, mwana woyandikana nanu wayamba nawo. Kodi munawoloka nawo m'bwato limodzi?”

“Alamu, chonde,” anatero amai.

“Chonde chiyani? Si iwo anamupatsa nsomba asanadwale? Iwe mupatse mwana mankhwala, dzuwa lakwera.”

Amai anatunga madzi m'kapu. Anagwada pambali panga n'kuyamba kumasula kapulasitiki. Pamenepo amai Jusitina anakatsomphola m'manja mwawo. Sanathamange. Anayenda kudutsa pampata wa mpanda, onse akuona, n'kukaponya m'moto pansi pa thandala. Fungo la pulasitiki yopsa linadzaza pabwalo, ndipo azakhali anakuwa ngati pagwa maliro.

Anthu anasonkhana. Atate anafika kuchokera kumtsinje ukonde uli paphewa, ndipo atamva zimene zachitika anapita kukaima pampanda. Atate sanali munthu wokalipa.

“Amai, ndinakupatsani malo kuti mumange nyumba, osati kuti muzilamulira ana anga. Mawa ndikagula ena.”

“Mukagula, mugulenso nsalu yomukulungira,” anatero amai Jusitina.

Ine ndikudziwa lero kuti anali mawu a munthu amene anagulapo nsalu yotero, koma amene analipo anamva temberero. Mayi wina anakoka ana ake n'kuchoka.

Amai Jusitina anasiya nsomba zawo pamoto, zonse zinapserera tsiku limenelo, ndipo anauyamba ulendo wa pansi dzuwa lili paliwombo. Palibe anadziwa kumene alowera, ndipo ena ankati athawa. Dzuwa litapendeka tinamva njinga yamoto. Anali adokota a pa kiliniki aja, amai Jusitina atakwera kumbuyo, mapazi awo atayera ndi fumbi.

Adokota sanakalipire munthu. Anandiyang'ana m'maso, m'kamwa ndi kumsana, nafunsa tsiku limene madontho anayamba ndi tsiku limene ndinamwa pilisi lomaliza.

“Ichi si chikuku. Thupi la mwanayu lakana mankhwala. Zimachitikira ana ochepa, ndipo palibe amene angadziwiretu kuti ndi mwana uti. Tipite naye kuchipatala chachikulu manje manje. Koma amene ndinakupatsani aja anayenera kutha kale. Wakhala akumwa chiyani?”

Atate anayang'ana pansi, nanena za padoko ndi mawu ochepa kwambiri.

“Ndipatseni otsalawo. Ndifuna ndione ngati ali omwewo kapena ena, chifukwa nkhani zotere timazitumiza kwa amene amalondola za mankhwala, kuti ngati pali oipa asafike kwa ana ena.”

Maso onse anatembenukira kwa amai Jusitina.

“Ndawotcha.”

“Mukanangowabisa, amai,” anatero adokota modandaula.

“Akanawapeza.”

Azakhali anatembenukira kwa anthu. “Mwamva? Chimene munthu safuna kuti chionedwe amachiwotcha.”

Za kuchipatala cha mishoni ndimakumbukira pang'ono. Khungu linkatsalira pansalu zogonera, manesi ankandisambitsa ndi thonje ngati khanda, ndipo amai ankandidonthezera phala lamadzi m'mphepete mwa kamwa. Atate anabwera kudzandiona, ndipo ndinali maso pamene dokotala wamkulu anawauza kuti mankhwala a mtundu umenewo ndisadzamwenso moyo wanga wonse, ndiponso kuti chimene chinakulitsa zinthu ndi kupitiriza kundipatsa madontho atatuluka kale. Anati amene anandisiyitsa anachita bwino. Atate ankangozunguliza chipewa m'manja.

Ndinatuluka mvula yoyamba itagwa, udzu utaphuka m'mbali mwa msewu. Titafika kunyumba, ndinapita pampanda kuti amai Jusitina aone milomo yanga kuti yapola. Chitseko chawo chinali chochotsedwa, ndipo m'nyumba munagona mbuzi za eni.

Zimene zinachitika ndinazimva pang'onopang'ono, kwa uyu ndi uyo, zaka zikupita. Palibe anawamenya, palibe anawathamangitsa ndi mawu. Anthu sanakane zimene adokota ananena, ndipo izi ndi zimene ndimavutika kufotokozera ana a masiku ano. Azakhali ankati, “Inde, ndi mankhwala, sitikutsutsa. Koma ana anga onse anamwa omwewo osapsa. Nanga ndani anawatembenuza pa Tobi yekha?” Kenaka ankatchula mchira wa pende, nsalu yokulungira ndi moto uja, ndipo zitatuzo zinkakwanirana bwino m'makutu a anthu kuposa mawu oti zimangochitika. Ogula nsomba anayamba kudutsa. Pachitsime amayi ankadikira kuti achoke kaye, n'kutaya madzi oyamba. M'tchalitchi benchi limene ankakhalapo linkatsala lawo okha, ndipo pa nthawi yopatsana mtendere manja ankawalambalala.

Akatekisiti anapita kwa atate n'kuwapempha kuti aimirire pambuyo pa mapemphero anene zimene anamva kuchipatala. Mawu ochepa a mwini mwana akanatha nkhani. Atate anayankha kuti, “Ine sindine dokota.” Sabata yotsatira amai Jusitina anamanga kamtolo kawo n'kukwera bwato la amalonda lopita ku Zumbo, nkhondo isanathe n'komwe. Patapita zaka, wogulitsa nsomba wina anatiuza mongodutsa kuti anamwalira kumeneko.

Ndinakula ndikuwayang'ana atate. Sindinganene kuti ndinadziwa za mumtima mwawo, pakuti mtima wa munthu amaudziwa ndi Mulungu. Koma ndinaona kuti azakhali akayamba nkhani ya amai Jusitina, atate ankaimirira kukasoka ukonde umene unali wosang'ambika. Ndinaona kuti tikafika padoko ankazungulira kutali ndi pamene ankayala mankhwala. Ndipo ndinayamba kukayikira kuti iwo sanakhulupirirepo za ufiti ndi tsiku limodzi lomwe. Akanaimirira m'tchalitchi n'kunena kuti anali mankhwala, funso lotsatira likanakhala lakuti anakagula ndani, anapitiriza kumupatsa ndani. Kukhala chete kunawasungira dzina, ndipo mtengo wake analipira mlendo. Amai nawonso anamva mawu a dokotala, koma titabwerera sanatsutse alamu awo poyera. Ankangoti, “Zinapita, mwanangu.” Kukayikira kumeneku ndinakhala nako zaka zambiri. Sindinawafunse, ndipo onse awiri anapita osanena.

Diso langa la kumanzere silitulutsa misozi mpaka lero, ndipo ndimayenda ndi kabotolo kodonthezera. Ndikafika kuchipatala chilichonse ndimanena za mankhwala aja ndisanakhale pansi. Malemu mkazi wanga Agnesi ankanena asanapereke ndi moni womwe, moti manesi ankamuseka. Chaka chatha mwana wanga wamkazi anandiimbira foni kuti kamdzukulu kanga katuluka zidzolo katayamba mankhwala a khutu, ndipo apongozi ake akuti matenda akutuluka. Ndinamuuza kuti asamupatsenso, anyamule mwana ndi botolo lomwe, apite ku kiliniki nthawi yomweyo. Anamusinthira mankhwala, nesi analemba dzina la botololo ndi zimene zinachitika kuti azitumize kumene zimapita, ndipo mwana anachira. Sizinali zazikulu ngati zanga, koma sindinafune kudikira kuti tione.

Agnesi atadwala matenda amene anamutenga, anthu ankabwera kudzandinong'oneza maina. Wina ankati ndi mnzake wa kumsika amene ankamuchitira nsanje, wina ankati ndi m'bale wanga. Ndinkawabweza, koma ndinamva mmene khutu la munthu wamantha limafunira dzina, chifukwa dzina ungathe kulida, pamene mawu oti zimangochitika sakupatsa pogwira. Nthawi imeneyo ndinaganiza kwambiri za atate akupalasa njinga padzuwa, pilisi limodzi lili m'thumba, akukhulupirira kuti akupulumutsa mwana wawo.

Azakhali a Velonika akadali moyo. Ana awo anabalalika, ena ku Lusaka, ena kumanda, ndipo Agnesi atamwalira ndinawatenga kuti azikhala kwa ine. Saona bwino, ndipo mapilisi awo a kuthamanga kwa magazi ndimawapatsa ndine. M'mawa wina posachedwapa, ndikuwaika pilisi m'dzanja, anandigwira nkhope n'kupapasa zipsera za pamilomo.

“Mkazi uja anatsala pang'ono kukutha, mwana wa mlongo wanga.”

“Azakhali, amai aja ndi amene anandipulumutsa. Akanapanda kuwotcha mapilisi, bwenzi mulibe wokupatsani madzi lero.”

“Iwe unali mwana, sudziwa. Ana anga onse anamwa omwewo.”

“Matupi amasiyana, azakhali.”

“Amasiyana akasiyanitsidwa,” anatero, natambasula dzanja kufuna kapu.

Ndinawapatsa. Ndinaima pomwepo mpaka anameza, ndipo ndinadziwa kuti dzina la amai Jusitina silidzayera pakamwa pawo, monga silinayere pakamwa pa atate. Lamulungu lotsatira ndinaimirira ndekha pambuyo pa mapemphero, m'tchalitchi chomwe chija, ndipo ndinanena zimene dokotala ananena ndi zimene mayi uja anachita. Ambiri anali achinyamata amene sanamvepo dzinalo. Okalamba ochepa amene ankakumbukira anayang'ana pansi. Palibe anapepesa, ndipo amene anayenera kumva anagona kale tsidya lija.

Atate, amai, azakhali ndi onse amene anasiya benchi lija lopanda munthu, ndinawakhululukira.